Mint Julep Isatayidwe, Koma Mayina a Anthu Omwe Ankaikonza Atchulidwe

Chaka chilichonse, Loweruka loyamba la mwezi wa Meyi, mzinda wa Louisville m'chigawo cha Kentucky ku America umadzaza ndi anthu odzaonera mpikisano wa mahatchi wa Kentucky Derby pa bwalo la Churchill Downs. M'masiku awiri a mipikisano ya sabata imeneyo, pabwalopo pamagulitsidwa makapu pafupifupi 120,000 a chakumwa chimodzi chotchedwa mint julep. Zopangira zake n'zinayi zokha: wisiki wa bourbon, shuga pang'ono, masamba a minti ndi ayezi wophwanyidwa. Komabe kapu imeneyi yakhala ikudzutsa mkangano womwe unakula kwambiri m'chaka cha 2020, pamene anthu okwiya ndi kuphedwa kwa mayi wakuda Breonna Taylor ndi apolisi mumzinda womwewo anachita zionetsero kunja kwa bwalolo pa tsiku la mpikisano. Kuyambira nthawi imeneyo, anthu ambiri a ku America akhala akufunsana za miyambo yakum'mwera kwa dziko lawo, kuti ndi iti yoyenera kusungidwa ndipo ndi iti yomwe imangokometsera nyengo ya ukapolo. Mint julep ili pakati pa mkanganowo, chifukwa chithunzi chake chodziwika ndi cha mzungu mwini munda wa thonje kapena wa fodya, atakhala pakhonde la nyumba yoyera, kapu yasiliva ili m'manja.

Ine ndaima apa: chakumwachi chisatayidwe, koma chisapitirirenso kugulitsidwa ndi mbiri yodulidwa pakati. Anthu omwe anakweza julep kuchoka pa mowa wamba wotsekemera n'kuifikitsa pa luso lotamandika anali, ambiri mwa iwo, anthu akuda, ena akapolo, ena omasulidwa, ena ana a akapolo. Amene akufuna kuitaya poiyesa chizindikiro cha eni akapolo akupereka kwa eni akapolowo chinthu chomwe sichinali chawo chokha. Amene akufuna kuimwa mosatchula mbiri akupitiriza ntchito yofufuta mayina yomwe inayamba kalekale. Ndiyesa kuyankha magulu onsewa, pamodzi ndi ena omwe ali ndi madandaulo awoawo.

Poyambira pabwino ndi kuyang'ana komwe chakumwachi chinachokera, chifukwa mkangano wambiri umayamba ndi mbiri yolakwika. M'zaka za m'ma 1700, julep anali madzi otsekemera omwe madokotala ankasungunuliramo mankhwala owawa kuti wodwala athe kumeza. Anthu a ku Virginia, chigawo china cha ku America, ndiwo anayamba kutchula dzina lomwelo pa mowa wothira shuga ndi minti, ndipo mlendo wina wochokera ku England, John Davis, analemba mu 1803 kuti anthu a kumeneko ankaumwa m'mawa. Choncho kwawo kwa julep ndi ku Virginia, Kentucky inabwera pambuyo. Pa nthawiyo mowa wake unali ramu kapena bulande, ndipo ayezi munalibe kawirikawiri. Ayezi anasintha zonse. Kunalibe mafiriji, motero ankamudula m'nyanja ndi m'mitsinje youndana nyengo yachisanu, n'kumusunga m'nyumba zapansi atamukwirira ndi utuchi kapena udzu. Frederic Tudor wa ku Boston anayamba malonda otumiza ayezi pa sitima zapamadzi mu 1806, ndipo m'zaka zotsatira mizinda yotentha yakum'mwera inayamba kumupeza. Kumwa chinthu chozizira m'mwezi wotentha kunali kuonetsa chuma, ndipo n'chifukwa chake julep inakwera kuchoka pa chakumwa cham'mawa cha alimi n'kukhala chakumwa cha m'mahotela akuluakulu.

Gulu loyamba lomwe ndikufuna kuliyankha ndi la osunga mwambo. Iwo amati julep yeniyeni ndi ya bourbon wa ku Kentucky basi, yomwedwa m'kapu yasiliva monga ankachitira makolo awo, ndipo aliyense wobweretsa nkhani zina akuipitsa mwambo woyera. Mfundo yawo ili ndi pogwira. Bourbon amagwirizanadi ndi minti, chifukwa lamulo la ku America limati pa mbewu zophikira mowawu, chimanga chisachepere magawo 51 pa 100 alionse, ndiponso kuti usungidwe m'migolo yatsopano ya mtengo wa oak yowaulidwa mkati. Chimangacho ndi matabwa owaukawo ndizo zimapatsa bourbon kakomedwe kotsekemera komwe minti amakapepukitsa. Mu 1964 nyumba ya malamulo ya America inalengeza kuti bourbon ndi chakumwa chapadera cha dzikolo, ndipo wambiri amaphikidwa ku Kentucky komweko. Koma mwambo omwe akuuteteza si wakale monga akuganizira. Buku la zakumwa lomwe katswiri wosakaniza zakumwa Jerry Thomas anatulutsa mu 1862 limapereka mint julep ya bulande wa ku France wothira ramu pang'ono pamwamba, ndipo julep ya wisiki ndi ya jini zili m'bukumo ngati mitundu ina chabe. Bourbon analowa m'malo mwa bulande chifukwa cha mavuto awiri: nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 inasaukitsa madera akum'mwera, ndipo kachilombo ka phylloxera kanawononga minda ya mpesa ku France kotero kuti bulande anasowa n'kukwera mtengo. Churchill Downs inayamba kugulitsa julep m'matambula ake achikumbutso chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, patapita zaka zoposa 60 chiyambire mpikisanowo mu 1875. Chodabwitsa china n'chakuti kwa zaka zambiri, mpaka pamene Old Forester inalowa m'malo mu 2015, julep ya pabwalopo inkapangidwa ndi Early Times, wisiki yemwe mwalamulo sanali bourbon n'komwe chifukwa wina ankasungidwa m'migolo yogwiritsidwa kale ntchito. Ngati mwambowu unatha kusintha mowa wake kangapo konse osafa, sungafe chifukwa chowonjezera mayina a anthu omwe anaupanga.

Tsono kakonzedwe ka chakumwachi n'koyenera kukafotokoza bwino, chifukwa umboni waukulu wa mfundo yanga uli m'menemo. Wokonza amaika masamba a minti asanu ndi atatu kapena khumi pansi pa kapu yachitsulo, n'kuthira supuni imodzi kapena ziwiri zazing'ono za madzi a shuga, omwe amapangidwa posungunula shuga m'madzi a muyezo wofanana. Kenako amatsindira masambawo pang'onopang'ono, mongowafinya kuti atulutse mafuta onunkhira. Sawasinja. Minti wonyenyeka amatulutsa kuwawa kwa msipu, ndipo anthu a ku Kentucky akhala akukangana kwa mibadwo ngati n'koyenera kumutsindira n'komwe kapena kungomupaka m'mbali mwa kapu. Akatero amathira bourbon wokwana mamililita 60, ena amafika 75. Ntchito yeniyeni ili pa ayezi. Amamuika m'thumba la nsalu yolimba n'kumuphwanya ndi nyundo yamtengo mpaka akhale tizidutswa tating'onoting'ono, ndipo nsaluyo imamwa madzi osungunuka kuti ayezi alowe m'kapu ali wouma. Amadzaza kapu mpaka pakati, n'kutakasa kufikira kunja kwa kapuyo kutayera mbuu ndi chisanu, kenako amaunjika ayezi wina mpaka atumphuke pamwamba ngati kachulu. Pomaliza amatenga kamtolo ka nsonga za minti, amakaomba kamodzi pachikhatho kuti fungo lidzuke, n'kukazika pafupi ndi kapaipi komwera. Kapaipiko amakadula kafupi dala, kuti mphuno ya womwa ilowe m'masamba nthawi iliyonse akamamwa. Kapu amaigwira m'mphepete mwa pamwamba kapena pansi penipeni, chifukwa chikhatho chikaigwira pakati chimasungunula chisanu chija. Ndinene pano kuti ichi n'chakumwa champhamvu, pafupifupi wisiki wokhawokha, ndipo ayezi wochuluka chonchija amaikidwa kuti munthu amwe pang'onopang'ono mowa ukusungunuka.

Aliyense wowerenga ndondomeko imeneyi afunse funso limodzi: m'chaka cha 1850, ndani ankachita zonsezi? Mwini munda wokhala pakhonde uja sankatsika m'nyumba ya ayezi, sankaphwanya ayezi ndi nyundo, sankapukuta siliva, ndipo sankathyola minti m'mawa. Ankangolandira kapu yokonzakonza. M'mahotela a ku Richmond, likulu la Virginia, akatswiri a julep anali amuna akuda, ndipo pamene mwana wa Mfumukazi Victoria, yemwe pambuyo pake anadzakhala Mfumu Edward VII, anacheza mumzindawo mu 1860, julep yomwe anapatsidwa inakonzedwa ndi manja a kapolo. Wodziwika kwambiri mwa akatswiriwo ndi John Dabney, yemwe anabadwira mu ukapolo cha m'ma 1824, anakhalapo wokwera mahatchi a mpikisano ali mnyamata, kenako n'kutchuka ndi majulep ake ounjika ayezi ndi okongoletsedwa ndi zipatso ndi maluwa. Ndi ndalama zomwe ankaloledwa kusungako, anaombola mkazi wake ku ukapolo, ndipo anali akulipira za ufulu wake womwe pamene nkhondo inatha. Ku New York kunali Cato Alexander, nayenso wobadwira mu ukapolo, yemwe malo ake omwera kunja pang'ono kwa mzindawo ankakopa anthu olemera chifukwa cha majulep ake. Pambuyo pawo panabwera Tom Bullock, mbadwa ya Louisville, yemwe anagwira ntchito ku Pendennis Club ndi ku St. Louis Country Club, ndipo mu 1917 anakhala munthu wakuda woyamba ku America kusindikiza buku la kasakanizidwe ka zakumwa. Mu 1913, mtsogoleri wakale wa dziko la America Theodore Roosevelt atasumira nyuzipepala yomwe inamunena kuti ndi chidakwa, anauza khoti kuti ku St. Louis Country Club anangomwako pang'ono julep yomwe anapatsidwa. Nyuzipepala ya St. Louis Post-Dispatch inamuseka, n'kufunsa ngati panakhalapo munthu yemwe anasiya julep ya Tom asanaimalize. Umenewu ndiwo ulemu omwe luso la Bullock linali nawo, pa nthawi yomwe iye mwini sakanaloledwa kukhala membala wa kalabu yomwe ankagwirako ntchito.

Izi zikundifikitsa ku gulu lachiwiri, la omwe amati julep isiyidwe. Mfundo yawo ndi yolemera ndipo siyenera kupeputsidwa. Iwo amati nkhondo itatha, azungu akum'mwera anamanga nthano yokometsera moyo wa m'minda ya akapolo, nthano ya mabwana aulemu ndi antchito okondwa, ndipo kapu ya julep inali chimodzi mwa zida za nthanoyo m'malonda, m'mafilimu ndi m'maphwando. Amati luso la Dabney silichotsa mfundo yoti ankagwira ntchitoyo ali katundu wa munthu wina, ndipo kutamanda chakumwacho kuli ngati kutamanda unyolo chifukwa unasulidwa bwino. Zonsezi ndikuzivomereza kupatula mathero ake. Kusiya julep sikubwezera chilichonse kwa Dabney kapena kwa zidzukulu za anthu onga iye. Chomwe kungachite n'kutsimikiza nthano yomwe akuitsutsa, yoti chakumwachi chinali cha bwana wapakhonde, pamene iye anali wongomwa. Ife kuno tikudziwa nkhani yofanana nayo. Minda ya atsamunda ku Thyolo ndi ku Mulanje inakula ndi thangata, ndipo palibe Mmalawi wodziwa mbiri yemwe amakumbukira thangata mokondwa, koma sitinasiye kumwa tiyi. Chomwe timafuna n'chakuti ntchito ya makolo omwe anathyola masambawo ivomerezedwe, ndipo othyola a lero alipidwe moyenera. Chinthu chopangidwa mu nkhanza chikhoza kukhalanso umboni wa nzeru za ozunzidwawo, ndipo ukataya chinthucho umataya umboniwo.

Mpikisano wa Derby womwewo ukuonetsa zomwe zimachitika anthu akuda akachotsedwa pa mwambo omwe anauyambitsa. Pa mpikisano woyamba mu 1875, okwera mahatchi 13 mwa 15 anali akuda, ndipo wopambana anali Oliver Lewis pa hatchi yotchedwa Aristides. Pa mipikisano 28 yoyambirira, 15 anapambana ndi okwera akuda, kuphatikizapo Isaac Murphy yemwe anapambana katatu, ndi Jimmy Winkfield yemwe anapambana mu 1901 ndi 1902. Tsankho litakhwima anakankhidwira kunja, ndipo kuchokera mu 1921 panalibenso wokwera wakuda pa Derby mpaka chaka cha 2000. Zotsatira zake n'zakuti mibadwo ingapo ya anthu a ku America, akuda ndi azungu omwe, inakula ikukhulupirira kuti masewera a mahatchi ndi a azungu chiyambire. Amene akuti anthu akuda aitaye julep akupempha kuti zomwe zinachitika mokakamiza pa mahatchi zichitike mwakufuna pa chakumwa.

Gulu lachitatu silitsutsa mbiriyi, koma limati si malo ake. Munthu wapita kukaonera mahatchi ndi kusangalala ndi anzake, n'chifukwa chiyani aunjikiridwe nkhani za ukapolo pa kapu yomwe walipira yekha? Yankho langa n'lakuti julep sinagulitsidwepo yopanda mbiri. Palibe yemwe amalipira ndalama zochuluka chonchija chifukwa cha shuga ndi masamba okha. Chomwe chimagulitsidwa ndi nkhani: ya Henry Clay, phungu wa ku Kentucky yemwe amati ndiye anaphunzitsa anthu a ku Washington kumwa julep pa hotela ya Willard, ya makapu asiliva omwe ankaperekedwa ngati mphoto pa ziwonetsero za ulimi ku Kentucky, ya zipewa zazikulu ndi masuti oyera. Ngati dzina la Clay, yemwenso anali ndi akapolo, likukwana pa pepala la zakumwa osasokoneza chisangalalo cha munthu, dzina la Bullock likwananso. Choncho funso si loti mbiri ikhalepo kapena ayi. Funso ndi loti ndani akusankha gawo la mbiri lomwe likunenedwa, ndipo gawo losiyidwalo lasiyidwa chifukwa chiyani.

Mfundo yomwe imandivuta kwambiri kuiyankha ndi ya omwe amati zonsezi n'kutsatsa malonda chabe. Amati makampani a mowa azindikira kuti nkhani za akatswiri akuda zikugulitsa, ndiye akuzimata pa mabotolo monga ankamatira zithunzi za makonde aja. Woodford Reserve, bourbon wovomerezeka wa Derby, inayamba mu 2006 kugulitsa chaka chilichonse makapu apadera a julep, panthawiyo pa mtengo wa madola 1,000, ndalama zake n'kupita ku ntchito zachifundo, ndipo mu 2021 makapuwo analemekeza okwera mahatchi akuda. Wokayikira anganene kuti kumeneku n'kugula mbiri yabwino motchipa, ndipo sindikumutsutsa kwathunthu, pakuti kampani siyiwala phindu ikamachita zabwino. Komabe taonani zomwe zinachitika m'chigawo cha Tennessee. Kwa zaka zoposa zana, nkhani ya wisiki wa Jack Daniel's inkanenedwa osatchula kwenikweni Nearest Green, kapolo yemwe anaphunzitsa Jack Daniel kutcheza wisiki. Kampaniyo itayamba kuvomereza poyera mu 2016, mayi wina wakuda, Fawn Weaver, anafufuza mbiriyo mozama n'kukhazikitsa kampani ya wisiki ya Uncle Nearest mu 2017, ndipo mdzukulu wina wa m'banja la Green anadzakhala katswiri wosakaniza wisiki pa kampaniyo. Kutchula dzina kunatsegula khomo lomwe kukhala chete kunalitseka. N'chifukwa chake ndikuona kuti njira yothana ndi chinyengo cha amalonda ndi kuwakakamiza kuti apitirire pa chithunzi cha pa botolo: ndani akulembedwa ntchito m'mafakitale a bourbon, ndani ali ndi magawo m'makampaniwo, ndani akuphunzitsidwa kukhala wamkulu wophika, ndipo zolemba zakale zosonyeza akapolo omwe ankagwira ntchito m'malo otchezera wisiki a ku Kentucky zikutsegulidwa kwa ofufuza kapena ayi. Kuwauza kuti abwerere kukhala chete sikungayankhe funso ngakhale limodzi mwa amenewa.

Patsala anthu ena omwe sasamala za mbiri kapena ndale, amangoti julep sikoma, ndipo ngakhale anthu a ku Louisville ambiri amaimwa kamodzi pa chaka chifukwa cha mwambo basi. Dandaulo limeneli lili ndi chifukwa chomveka. Palibe njira yokonzera makapu 120,000 imodziimodzi m'masiku awiri, choncho julep ya anthu wamba pa Churchill Downs imachokera m'mabotolo osakaniza kale, momwe shuga ndi fungo la minti zinalowa ku fakitale, ndipo wogulitsa amangothira pa ayezi n'kuzika tsamba. Munthu yemwe analawa imeneyo yokha sanalawebe chomwe Dabney ndi Bullock ankadziwika nacho, chifukwa kusiyana kwa ziwirizi kuli m'ntchito ya manja: kudziwa pamene minti watsindirika mokwanira, kuuma kwa ayezi, kuchepa kwa shuga, ndi kudikira mpaka kapu iyere. Botolo losakaniza kale limachotsa wokonza m'chakumwa monga momwe chithunzi cha pakhonde chinamuchotsera m'mbiri, ndipo zotsatira zake n'chinthu chotsekemera mopitirira muyezo chomwe anthu amachimwa mongopirira. Malo omwera mowa omwe m'zaka zaposachedwa abwerera ku thumba la nsalu ndi nyundo yamtengo, ena akuyesanso bulande wa masiku a Jerry Thomas, ndi omwewonso kawirikawiri omwe atsegulanso buku la Bullock la mu 1917 n'kuyamba kulemba dzina lake pa mapepala awo a zakumwa. Churchill Downs, yomwe imasindikiza mayina a mahatchi onse opambana pa tambula yake yachikumbutso chaka ndi chaka, singasowe malo olembapo John Dabney, Cato Alexander ndi Tom Bullock.